Tsiku Limene Mayi Ngaka Analola Zonse

Panangokhala, inu muli nane pano, mlendo wina amene anaima chapatali ndi khomo la nkhokwe nafunsa funso losavuta: "Kodi m'katimo mundilola kuchita chiyani?"

Wofunsayo anali Kangaude, mayi woluka ulusi, wochokera kutali. Wofunsidwayo anali Mayi Ngaka, msungi wa nkhokwe ya mudzi wonse. Koma funsolo silinapite molunjika. Masiku amenewo mlendo sankalankhula yekha ndi mwini udindo. Ankanong'oneza mkhalapakati wake, iyeyo n'kupereka mawuwo. Ndipo mkhalapakati wa Kangaude anali Gologolo.

M'nkhokwemo munkasungidwa mbewu yobzala ya banja lililonse: mapira a uyu, nzama za uyo, mawere, khobwe, mtedza. Mbewu imeneyo ikanatha, mudzi ukanangoonerera mvula ikugwa pa minda yopanda kanthu. Pakhomo pankalondera linthumbu, nyerere zoluma zija. Alonda amenewa sankadziwa nkhope, sankadziwa chibale. Ankangodziwa mawu. Msungi ankawerama n'kuwanong'oneza kuti wakutiwakuti ndamulola kuchita chakuti, ndipo chokhacho n'chimene ankachilekerera. Wina akachita chimene sanaloledwe, ankayamba nyimbo yawo. Inali nyimbo yapansipansi, yofunsa wolakwayo dzina lake ndi chimene anamulola, kenaka n'kudziyankha okha kuti chimenechi sanachimve. Pamene akuimba sankamva mawu a aliyense. Nyimbo ikatha ankakhala chete pang'ono, kumvetsera ngati mwini mawu anenapo kanthu. Kukakhala zii, ankamunyamula wolakwayo n'kukamutula panja.

Mayi Ngaka, monga mukudziwa, chakudya chawo ndi nyerere. Koma tsiku limene analandira udindo analumbira kuti lilime lawo silidzakhudza mlonda ngakhale mmodzi.

Gologolo ndiye anabweretsa Kangaude kwa Mfumu Mphalapala. Anati mayiyu akhoza kuluka ulusi kuchokera m'nkhokwe kukafika pakhomo la aliyense, moti munthu akakoka ulusi wake, nsengwa ya mbewu yake izibwera yokha. Mfumu inavomera. Mayi Ngaka nawonso anavomera, chifukwa anakumbukira a Nkhono, amene chaka chilichonse ankafika kunkhokwe anzawo atayamba kale kupalira.

Tsono Kangaude ananong'ona kwa nthawi yaitali, akupinda miyendo yake umodziumodzi ngati akutchula zinthu. Gologolo anagwedeza mutu, nadumpha kudza kwa msungi.

"Azakhali, mlendo akuti mumulole."

"Ndimulole chiyani? Ndaona walankhula zambiri."

"Aa, amenewo anali malonje chabe. Azakhali, mmisiri safunsidwa za luso lake. Kwawoko chimenecho n'chipongwe. Inu ingonenani mawu amodzi: zonse. Iyeyo ndi womuthandiza wake."

"Womuthandiza wake ndani?"

"Ndani winanso? Ine mwana wanu, wonyamula zikhomo."

Mayi Ngaka anayang'ana pansi. "Zonse ndi mawu olemera, Gologolo. M'menemo muli kutulutsa, muli kugwetsa, muli kutaya. Mulinso kuloleza ena ndi kuletsa ena. Mawu amenewo sindinamupatsepo munthu. Ndimulola kulowa ndi kuona."

Anawerama nanong'oneza alonda. Gologolo anabwerera kwa mlendo akumwetulira, namukodola kuti alowe.

Kangaude analowa, naona, nayeza uku ndi uku. Kenaka anatenga chikhomo nachikhomera m'chipupa. Pomwepo nyimbo yapansipansi ija inayamba. Itatha, alonda anamunyamula nakamutula pafumbi. Kangaude anadzisasa, nayang'ana kwa Mayi Ngaka, nawomba m'manja mwaulemu ngati wapatsidwa kanthu. Mayi Ngaka anakaona kaulemu kameneko, ndipo kanawapweteka mumtima.

M'mawa mwake Gologolo anabweranso.

"Mwaona, azakhali? Tsiku lapita pachabe. Nenani zonse."

"Tsopano ndadziwa kuti akufuna kukhoma. Palinso china?"

"Ndamufunsa. Akuti palibe."

"Basi ndimulola kukhoma zikhomo ndi kumanga mathandala."

Kangaude anagwira ntchito yooneka bwino. Mathandala oikapo nsengwa anaima mondondozana. Koma chipupa cha bango cholekanitsa mapira ndi mawere chinatchinga njira ya ulusi, ndipo iye anachigwira kuti achisunthe. Nyimbo inayambanso, kufunsa dzina, kufunsa chimene anamulola. Alonda anamutulutsa. Ndipo popeza lamulo lawo silinkalola ntchito yosamalizidwa kugona m'nkhokwe, anabwerera nazula chikhomo chilichonse, naphwasula thandala lililonse, nasiya m'katimo monga munalili poyamba.

Nyama zinayamba kung'ung'udza. Madzulo Mfumu Mphalapala inadza yokha, nikhala pansi pafupi ndi msungi. Inali mfumu yosakweza mawu.

"Mayi, sindikukulamulani. Pakhomo apa mwini mawu ndinu. Koma mitambo yayamba kusonkhana."

"Ndikuiona, mfumu."

"Mlendoyu mukumukayikira?"

"Iyayi. Kungoti sindikudziwa chimene akufuna. Ndikuchidziwira pa nyimbo."

"Ndiye bwanji osangomutsegulira?"

"Mbewu si yanga, mfumu."

Mfumu inapumira m'mwamba, nipita.

Ulendo wachitatu Mayi Ngaka analola kukhoma, kumanga, kusuntha zipupa ndi kumanga mfundo za ulusi. Anamufunsa Gologolo kawiri ngati panatsala china. Gologolo analumbira pali agogo ake kuti palibe.

Ntchito inayenda. Ulusi unatuluka m'nkhokwe n'kumwazikira m'makomo. Koma mmisiri wanzeru sayesera ntchito yake pa mbewu ya eni ake. Kangaude anadzaza nsengwa ndi mankhusu, naiyendetsa pa ulusi uliwonse, ndipo inayenda bwino. Atakhutira, anakwera nayo kudenga kuti ataye mankhusuwo panja. Kutaya kanthu kochokera m'nkhokwe! Nyimbo inabuka, ndipo alonda anamutsatira kudengako. Pomutsitsa anagwa. Mwendo umodzi unathyoka, phokoso lake linamveka mpaka panja.

Anamutula pamapazi pa Mayi Ngaka. Ulendo uno sanawombe m'manja. Anangopinda mwendowo. M'katimo alonda anali atayamba kumasula mfundo yoyamba.

"Mwamupha mlendo!" inakuwa nyama ina.

"Umbombo wa mawu!" inatero inzake.

Gologolo anayandikira, nalankhula motsitsa ngati wachisoni. "Azakhali, akumasula. Ntchito yonse ija ikutha. Mwendo wathyoka umodzi. Mawa mukufuna uthyoke uti?"

Mayi Ngaka anayang'ana mwendo uja. Manyazi anawagwira. Anawerama nanong'oneza alonda kuti Kangaude ndi womuthandiza wake aloledwa zonse.

Alonda anasiya kumasula.

"Basi!" anatero Gologolo akuvinavina. "Dzukani, amisiri, mwatsala ndi miyendo yambiri. Ena tili ndi inayi yokha koma sitidandaula."

Kangaude analowa akukwawa, namangitsa mfundo ija, nataya mankhusu ake, ntchito n'kutha. Woyamba kukoka ulusi anali a Nkhono. Nsengwa ya khobwe inafika pakhomo pawo iwo asanatulutse n'komwe khosi lonse. Mudzi unalulutira, nyama zonse zinathamangira m'makomo mwawo kukayesa ulusi wawo.

Pankhokwe panatsala awiri. Kangaude anali atagona pambali, mwendo utatupa, thupi likutentha. Mkhalapakati wake sanaoneke. Mayi Ngaka anadziwa bwino lomwe kuti ntchito yomanga ikatha, mawu aja ayenera kubwezedwa. Anayang'ana kukhomo, nayang'ana kwa wodwalayo. Anati mumtima, mlendoyu ndamupweteka kokwanira, ndimulande mawu ali gone pamaso panga? Ndichita mawa. Anamubereka napita naye kwawo. Anamuthowa mwendo ndi madzi ofunda, naumanga ndi timitengo ta udzu, namufunditsa. Mawa lake thupi linali likadatentha, ndipo iwo sanachoke pambali pake. Mawa linalo chimodzimodzi.

Kutentha kutatsika, Mayi Ngaka anapita kunkhokwe. Atangoponda pakhomo, anamva nyimbo imene anali ataimvera ena moyo wawo wonse. Inkafunsa dzina lawo. Inkafunsa chimene anawalola. Anabwerera m'mbuyo msangamsanga nyimbo isanathe.

Pamwamba pa khomo panatuluka mutu wa Gologolo.

"Mwadzuka bwanji, azakhali? Mukufuna yani?"

"Wachita chiyani, mwana iwe?"

"Ine? Ndangogwiritsa ntchito zimene munandipatsa. Munati zonse. Ndauza alonda kuti muzipuma, mwakalamba. Ndadzilolezanso ndekha m'dzina langa, kuti za womuthandiza zija zisadzandivute."

"Mbewu ya anthu, Gologolo."

"Ili bwinobwino. Mapira sindidya. Mtedza wokha ndi umene ukusamukira kumphako kwanga. Ukatha, ndiona nzama. Ulusiwu ndi wabwino, azakhali, munachita bwino kuvomera."

Nkhani inamveka. Nyama zinasonkhana, mfumu ili pakati. Palibe amene akanalowa. Njati inayesa, inatuluka ikupalasa ndi kulira ngati mwana. Tsono onse anatembenukira kwa msungi.

"Lilime muli nalo," inatero mfumu mwapang'onopang'ono. "Mutanyambita pakhomo apa, alondawa atha dzuwa lisanapendeke. Lumbiro lanu ndikumasulani ndine."

"Idyani, azakhali!" anakuwa Gologolo. "Anona, ndakhala ndikuwaona!"

Mayi Ngaka anamvetsa chifukwa chake Gologolo ankawatokosa. Alonda akatha, iye akanathawa ndi mtedza wake, ndipo khomo likanakhala pululu kwa khoswe aliyense, chaka chino ndi zaka zonse.

"Alondawa sanalakwe, mfumu. Achita zimene anauzidwa. Wolakwa ndi amene anawauza. Ndipatseni mpaka mawa."

Anabwerera kwawo, nakhala pakhomo, nalira mosatulutsa mawu. Kenaka anamva liwu laling'ono kumbuyo kwawo.

"Mayi, mkhalapakati palibe. Ndilankhule?"

"Lankhulani, achemwali. Mwambo umenewo watipweteka kokwanira."

Anamufotokozera zonse. Kangaude anamvetsera, kenaka anati, "Tsiku loyamba lija ndinamuuza zimene ntchito yanga imafuna. Kukhoma, kumanga, kusuntha chipupa, kumanga mfundo, kutaya mankhusu oyesera. Ndinatinso zimenezi n'za masiku omanga okha. Sanakuuzeni?"

"Anati anali malonje."

"Kwa ine ankabwera n'kunena kuti mwalola chilichonse chimene ndapempha. Alonda akanditulutsa, ankati mumasintha maganizo chifukwa simukonda alendo."

"Ndipo munkandiwombera m'manja."

"Ndinkati mwina mtima wanu ufewa."

Mayi Ngaka anati, "Ndikanangokufunsani."

"Nanenso ndikanangokuuzani." Kangaude anatukula kaulusi kamene kanali kumwendo kwake. "Aka kamalumikizana ndi ulusi wonse. Ndili gone ndinakamva kakulefuka, kenaka kakulimba, kakulefukanso, kakulimba. Gologolo ankayesa kundichotsa. Koma ulusi umayenda m'dzina langa. Akandichotsa, mtedza wake suyenda. Anayesa kundichepetsera, koma sakudziwa choti achotse ndi choti asiye, poti sanamvetsere tsiku lija. Ndiye anangondibwezera mawu okhawo amene amawadziwa."

"Zonse."

"Zonse. Alonda akhoza kundimvera. Koma akangondiona ndikubwera, anena mawu amodzi ine ndisanafike, ndipo zithera pomwepo."

Mayi Ngaka anaganiza nthawi yaitali. Kenaka anafunsa, "Achemwali, mumaopa malo opanikiza?"

M'mawa Gologolo anaona msungi wakale akubwera yekha, akuyenda ndi miyendo yakumbuyo, manja atapinda pachifuwa ngati wopita kumaliro.

"Imani pomwepo! Mlendo wanu ali kuti?"

"Mwendo wake ndi wotupa. Sangayende."

"Tembenukani ndione kumsana."

Anatembenuka. Kumsana kunalibe kanthu.

"Nanga manjawo mwapindiranji?"

"Wopempha amatambasula manja kwa mfumu yokha. Kwa mwana amene ndinamuona akubadwa ndiwatambasule?"

Gologolo anaseka. "Kunyada kudakalipo! Pemphani tsono, ndimve."

"Ndapempha chimodzi. Mtedza watsalawo ndi wa amasiye. Ngati uudya, usaudyere pamaso panga."

"Uwu?" Gologolo anakoka nsengwa. "Uwu, azakhali?" Anaponya njere m'kamwa. "Wokoma bwanji! Kodi amasiye amalima chonchi?"

Mayi Ngaka anaponda pakhomo. Nyimbo inayamba. Iwo anagona pansi nadzipinda ngati mpira, monga achitira angaka onse. Alonda anawakwera akuimba, nalowa pansi pa mamba, naluma paliponse pofewa. Lilime linkanjenjemera lokha m'kamwa, chakudya chikuyenda pamphuno pawo penipeni. Analiluma ndi nkhama zawo nalisunga. Pamwamba Gologolo ankagubuduka ndi kuseka, akulonga mtedza tsaya ili, tsaya ilo, kuti azakhali akatukula maso aone bwino.

Nyimbo inatha. Alonda anakhala chete kumvetsera.

Mpira uja unatseguka pang'ono, ndipo kuchokera m'manja opinda aja munatuluka liwu laling'ono, pafupi penipeni ndi makutu a alonda.

"Ndine Kangaude. Gologolo saloledwa kanthu. Msungi ndi Mayi Ngaka."

Gologolo anatsegula pakamwa kuti aletse. Panatuluka mtedza. Anayesanso, panatuluka kung'ung'uta kosamveka. Alonda anatsika pathupi pa msungi wawo, natembenuka, nayamba nyimbo ija kachikena. Inafunsa dzina lake, inafunsa chimene anamulola. Iye sanadikire kuti ithe. Anadumphira padenga, nadumphira mumtengo, masaya ali tutumu. Mpaka lero sakhulupirira pansi, ndipo sanaphunzirebe kumeza asanalonge zina.

Mayi Ngaka anadzuka pang'onopang'ono, magazi akutuluka m'mipata ya mamba. Analowa naona. Mapira analipo, mawere analipo, nzama zinali zitangokhudzidwa. Mtedza ndiwo unatsala wochepa kwambiri. Mfumu itamva, inati wotsalawo ugawidwe pang'onopang'ono kuti banja lililonse libzale kamzere kosungira mbewu. Chaka chimenecho ndiwo zotendera sizinadyedwe m'mudzimo. Palibe amene anawatukwana Mayi Ngaka pamaso, komanso palibe amene anawathokoza.

Nyama zitabalalika, Kangaude anali akadali pakhomo, atatsamira mtengo wa chitseko.

"Mayi, pali chimene ndinabwereka."

"Chiyani, achemwali?"

"Mawu aja. Akadali ndi ine. Mundisiyire kuona, kuika ndi kutenga nsengwa. Ulusi umayenda ndi zimenezo basi. Kukhoma, kusuntha, kutaya, kuloleza ena, zonsezo tengani."

Mayi Ngaka anapukusa mutu. "Mwapulumutsa nkhokwe ndi mawu amenewo. Ndikulandeni lero? Inu ndimakukhulupirirani."

"Si za ine. Ulusi wanga wafika pakhomo lililonse, ndipo aliyense akhoza kuugwira, wabwino ndi woipa yemwe. Chimene ndaloledwa ine, ulusinso waloledwa. Musaulemetse. Tsiku lofuna kusuntha chipupa ndidzabwera kudzabwereka, ndi pakamwa panga, ndipo madzulo ake ndidzabweza."

Mayi Ngaka anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anawerama, ngakhale msana unkawawa, nanong'oneza alonda mawuwo amodziamodzi, monga anawatchulira mwini wake. Alonda anamva, nabwerera m'mizere yawo.

Kangaude anakoka kaulusi ka kumwendo kuti ayese. Kanali kolimba. Anagwedeza mutu.

Mvula inayamba kuwaza. Mayi Ngaka anatsitsa phewa lawo pansi, mlendo uja anakwera, onse awiri n'kupita kunyumba.

Ulusi wanga wathera pamenepa.